Funsani Amalume: wailesi ya alamu yandichedwetsa basi, foni ikugona pansi pa pilo

Mwezi uno makalata ambiri akhudza nkhani ya kugona ndi kudzuka, wina basi yamusiya, wina akukangana ndi amuna ake chifukwa cha chaja, winanso alandilodi amuopseza. Ndasankhapo asanu. Ena ndawadula pang'ono chifukwa anthu inu mukayamba kutaipa simudziwa poimira.

FUNSO
Amalume muli bwanji. Ine ndine mphunzitsi ndimakhala ku Kapata, ndinagula kawailesi ka alamu pa salaula kaja ka manambala ofiira owala usiku, wogulitsa anandiuza kuti kachokera ku America ndiye anandigulitsanso kathiransifoma kakang'ono ati kuti kasapse. Kamalira bwino zedi ngati wailesi yaikulu koma vuto ndi nthawi, tsiku lililonse ndimapeza katsalira ndiye ndimangoti ndi malaiti othimathimawa, ndimakonza. Sabata yatha ndinali ndi ulendo wa ku Lusaka basi ya 04:30, ndinakonza nthawi bwinobwino 21 koloko ndikuyang'ana pa foni, alamu ndinaika 03:30, usiku umenewo malaiti sanapite ngakhale pang'ono chifukwa fani inazungulira mpaka kucha, koma kanadzalira kutatsala pang'ono kukwana 05 koloko amalume, ndinathamanga pa njinga yahayala kufika pa siteshoni basi inali itanyamuka kalekale mwina ili ku Mtenguleni. Tikiti inapita choncho. Kodi anandigulitsa chakufa kapena ndine amene sindidziwa kutchera?
Mphunzitsi, Kapata

YANKHO
Aphunzitsi pepani ndi tikitiyo, koma wailesi yanu si yakufa ayi, ikugwira ntchito ndendende mmene anaipangira, kungoti yokhayo ikuganiza kuti ikadali ku America. Itembenuzeni muwerenge kapepala kali pansipo, ndikhulupirira mupezapo 120V 60Hz. Wogulitsa uja anaona 120V yokhayo nakupatsani thiransifoma yotsitsa mphamvu kuchoka pa 230 yathu ino, apo anachita bwino, koma 60Hz ija sanaione kapena sanaidziwe, ndipo thiransifoma siisintha imeneyo.

Nkhani yake ili motere. Magetsi a pakhoma sayenda mbali imodzi ngati madzi a m'paipi, amapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, kuno ku Zambia ka 50 pa sekondi imodzi, ku America ka 60, ndizo Hz zija. Mawailesi ambiri a alamu olumikiza pakhoma alibe wotchi yakeyake m'kati, amangowerenga kugunda kumeneku, yanuyo ikawerenga ka 60 imati sekondi yakwana. Ndiye kuno ikulandira 50 chabe, pa ola lathunthu yokhayo imawerenga mphindi 50, kutanthauza kuti ikutaya mphindi 10 ola lililonse. Poti ndinu aphunzitsi tengani choko tiwerengere limodzi: kuchoka 21:00 kufika 03:30 ndi mphindi 390, kuti wailesi yanu iwerenge 390 zakezo pafunika mphindi zenizeni 468, amene ndi maola 7 ndi mphindi 48. Onjezani pa 21:00, mupeza 04:48. Si nthawi imene inalira imeneyo?

Musadzione ngati nokha. Mu 2018 ku Ulaya mawotchi a mtundu womwewu, a pa mawailesi ndi pa ma uvuni, anatsalira pafupifupi mphindi 6 m'maiko ambiri chifukwa Serbia ndi Kosovo ankakangana pa nkhani ya magetsi ndipo kugunda kuja kunatsika pang'ono pansi pa 50 kwa masabata angapo. Azungu nawo anachedwa kuntchito. N'chifukwa chakenso ngakhale wailesi yolembedwa 50Hz mukailumikiza ku jenereta imatha kuthamanga kapena kutsalira, jenereta yaing'ono siigunda molingana, ikalemedwa imatsika.

Tsono ngakhale mutagula ina yoyenera kuno, yolembedwa 220-240V 50Hz monga zochokera ku UK, pali vuto lachiwiri limene aliyense wa m'Chipata muno akulidziwa, malaiti akangophethira kamodzi mumadzuka n'kupeza 12:00 ikuthwanimathwanima ndipo alamu yaiwalika. Pansi pa mawailesi ambiri pali kachitseko kolowetsapo batire ya 9V, ija yamakona anayi yokhala ndi timabatani tiwiri pamutu, anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. Batire imeneyo ntchito yake ndi kusunga nthawi malaiti akapita, koma manambala amazima ndipo pa mitundu yambiri wailesi siilira mpaka malaiti atabwera. Ndiye ngati 03:30 yakwana kuli mdima, inu gonani.

Ine bambo anga anali ndi wotchi yopukusa pamanja ya mabelu awiri pamwamba, usiku woti mawa kuli ulendo ankaiika m'beseni lachitsulo pafupi ndi mphasa, ikati ilire nyumba yonse mpaka nkhuku m'khola zinkadzidzimuka, ndipo sindikumbuka tsiku limene anasiyidwa ndi basi. Lero zopukusazo zasowa koma kawotchi ka alamu ka batire imodzi ya AA kamapezeka ku Down Shops ndi pamsika, batire yabwino imodzi imatha miyezi yambiri, sikadziwa za Kariba kapena za Hz. Kagulani kameneko, ndipo tsiku la ulendo tcheraninso foni ikhale yachiwiri. Wailesi ya ku Americayo musataye poti mwati imalira bwino, muzimvera nkhani, manambalawo matanipo kapepala kuti asamakunamizeni.

FUNSO
Amalume ndithandizeni mwina inu akumverani. Amuna anga tsiku lililonse amandikalipira ati ndikuononga foni poichaja usiku wonse, ati batire imakhuta mpaka kuphulika, koma amalume kwathu kuno malaiti nthawi zambiri amabwera 23 koloko kapena 01 koloko ife tili mtulo, 05 koloko apita, manje ndichaje nthawi yanji? Ine ndimagulitsa salaula ndi zitenje, makasitomala amanditumira ndalama pa foni ndipo zithunzi ndimaika pa WhatsApp, foni ikazima tsiku limenelo palibe malonda. Ndimailumikiza pogona n'kuiika pansi pa pilo chifukwa chaka chatha akuba anawedza foni ya mwana wanga pawindo ndi kamtengo, komanso kuti alamu ndiimve. M'mawa imakhala yotentha ndithu ndipo masiku ano chivundikiro cha kumbuyo chayamba kutukuka pang'ono mbali imodzi, amuna anga ati mwaona zimene ndinkanena. Kodi akunena zoona?
Mayi wa ana atatu, Navutika

YANKHO
Mayi, ndiyambe ndi chofulumira kenako tikambe za mlandu wa m'banjawo. Chivundikiro chikutukukacho ndi batire yafufuma, m'kati mwake mwapangika mpweya ndipo ikukankha. Usiku uno musaichajenso mutagona, musaikanikize kuti ibwerere, musalole mwana aiboole ndi singano monga ndinaonera mnyamata wina akuchita pa benchi yokonzera mafoni, pitani nayo mawa akaikemo batire ina. Batire ya lithium yofufuma ikagwira moto siichedwa, ndipo inu mwaiika pakati pa pilo ndi matilesi a siponji, m'kati mwa neti ya udzudzu, mutu wanu uli pamwamba. Chakudza sichiimba ng'oma mayi.

Tsono kwa bambo. Bambo, mwalondola theka. Zoti batire imakhuta mpaka kuphulika si zoona, foni iliyonse ya masiku ano ili ndi kachipangizo m'kati kamene kamadula magetsi ikafika 100, siili ngati ndowa pa mpope yoti mukaiwala isefukira. Chimene chimachitika ndi choti ikatsika pang'ono imakokanso pang'ono, ndipo batire ya mtundu umenewu imakalamba msanga ikamakhala yodzaza thothotho maola ambiri tsiku ndi tsiku, makamaka ikakhala yotentha. Apo ndiye pali theka lanu lija. Koma chimene chafufumitsa batire ya akazi anu kwambiri ndi kutentha, foni pochaja imatulutsa kutentha ndipo pansi pa pilo kulibe kothawira, zili ngati mbatata yokwirira paphulusa. A kampani ya Apple amalemba okha kuti kutentha kopitirira madigiri 35 kumatha kuononga batire kosabwereranso, nanga ganizirani Okutobala wa m'Chipata muno m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kenako muonjezepo pilo.

Ndipo musawauze mayiwa kuti aleke kuchaja usiku ngati kuti ali ndi nthawi ina yosankha. Tonse tikukumbuka 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba mpaka malo ambiri kumakhala maola 21 opanda malaiti, anthu tinaphunzira kusita, kuphika nyemba ndi kuchaja pakati pa usiku, ena mpaka lero amagona atasiya babu ya kuchipinda yoyatsa kuti malaiti akabwera iwadzutse. Malangizo aja mumawerenga pa intaneti oti muzichaja masana n'kuchotsa ikafika 80 analembedwa ndi anthu amene soketi yawo siinagonepo ndi njala. Ife tichaja usiku basi, nkhani ndi yoti tichaje bwanji.

Foni ichoke pabedi. Ikani pa simenti kapena m'mbale yadothi pansi, pakona yotalikana ndi windo kumene kamtengo ka akuba sikangafike, kutali ndi neti, makatani ndi mabelo a salaula anuwo, ndipo ngati ili ndi kava yokhuthala ya labala ivuleni pochaja. Alamu mudzaimva, ndipotu mudzadzuka bwino kuposa kale chifukwa kuti muizimitse mpaka mutsike pabedi, pamene ya pansi pa pilo chala chimaizimitsa mwini wake asanadzuke.

Kenako lowani ku Settings, pa Battery. Pa iPhone kuyambira 2019 muli chotchedwa Optimized Battery Charging, imaphunzira nthawi imene mumadzuka, imaima pa 80 n'kudzamaliza kutatsala pang'ono kucha. Pa Samsung muli Protect battery kapena Battery protection, imaimitsa pa 85 kapena 80 kutengera mtundu. Pa Tecno, Infinix ndi itel zimene ambirife tili nazo, mitundu ina ili ndi chosankha chotere ina ilibe, fufuzani. Koma apa ndikuchenjezeni, ngati malaiti kwanu amabwera 01 n'kupita 05, chija choima pa 80 kudikira m'mawa chikhoza kukupusitsani, malaiti apita yokhayo ikadali kudikira. Kwa munthu wa malonda ngati inu amene tsiku lonse muli pamsika popanda soketi, ine ndingati isiyeni idzaze 100, batire ikafooka pakapita zaka muzasintha, kusiyana ndi kutaya kasitomala 15 koloko foni itazima.

Chimene ndimaopa ine kuposa zonsezi ndi chaja. Timachaja totchipa topepuka ngati chikho chopanda kanthu, tija timalira tswiii mukatilumikiza ndipo mukagwira sikirini foni imachita zakezake, m'kati mwake mulibe zoteteza zokwanira, ndipo nthawi imene malaiti akubwerera ndi pamene mphamvu imatha kudumpha. Inu muli mtulo, chaja ili pakhoma, ndiyo yoyamba kulandira. Gulani chaja yeniyeni ngakhale iwawe m'thumba, waya wosenda womanga ndi selotepi tayani, ndipo ngati mungathe gulani TV guard kapena fridge guard mulumikizepo adaputa yanu, imadikira kaye pang'ono malaiti akabwera isanalole magetsi kudutsa, ndipo imadula akakwera kapena kutsika mopitirira. Bambo m'malo mokalipa, kagulani imeneyo ndi batire yatsopano ya mayi, mlandu uthere pomwepo.

FUNSO
Amalume, timakhala mabanja atatu pa mita imodzi ndipo timasonkha za mayunitsi. Alandilodi akuti ine ndizilipira zambiri chifukwa kwanga kuli mafoni anayi amene amagona pa chaja komanso wailesi ya alamu yosazima, ati ndi zimene zikumaliza mayunitsi. Iwo ali ndi mbaula ya magetsi ndi ayironi. Ndiwayankhe bwanji mwaulemu?
Wa lendi, Mchini

YANKHO
Mphwanga, ayankheni ndi masamu, masamu alibe mwano. Yuniti imodzi ndi mawati 1000 oyaka kwa ola limodzi. Batire ya foni yaikulu ya 5000mAh imasunga pafupifupi 19 mwa 1000 amenewo, tionjezepo zotayika m'chaja tinene 25, ndiye yuniti imodzi ichaja foni yotere ka 40. Mafoni anu anayi tsiku lililonse mwezi wonse ndi kuchaja ka 120, mayunitsi 3 basi. Wailesi ya alamu ngati pansi pake palembedwa 3W, kuyaka usana ndi usiku mwezi wathunthu ndi mayunitsi 2 ndi pang'ono. Mbaula ya magetsi ya mbale imodzi imakoka mawati 1000 kapena kuposa, ndiye mphika umodzi wa nyemba zouma ukhoza kudya zimene mafoni anu onse amadya theka la mwezi kapena kupitirira. Muwauze zimenezi atadya kale, osati pamaso pa ana awo, ndipo muyambe ndi kuwafunsa za kumunda.

FUNSO
Moni amalume, ndikulemba kuchokera kumudzi kuno ku Chadiza. Tinatenga sola ija yolipira pang'onopang'ono pa foni, ili ndi mababu atatu ndi pochajira. Vuto ndi loti usiku tonse timalumikiza mafoni, adadi nawonso amafuna wailesi yawo ilire mpaka agone, ikamafika 22 koloko zonse zazima, m'mawa mafoni sanadzaze ndipo ine alamu siilira poti foni yafa, ndachedwa kawiri kukatenga feteleza. Komanso mnzanga akuti foni yatsopano uyenera kuichaja maola 8 osaiyatsa ndipo uziidikira ifike pa 0 usanaichajenso, zoona?
Mnyamata wa ku Chadiza

YANKHO
Mphwanga, inu a sola mwatengera chizolowezi cha anthu a m'tauni chimene sichikukukhudzani. Iwo amachaja usiku chifukwa ndi pamene malaiti amabwera, inu malaiti anu ndi dzuwa. Usiku zonse zimene mwalumikiza zikumwa m'kabatire kamodzi kaja ka m'bokosi, kali ngati mtsuko umodzi wa madzi nyumba yonse. Chajani mafoni masana, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 14 koloko pamene dzuwa lili pamutu, mosinthana, wopita kudimba asiye foni yake kwa amene watsala pakhomo, ndipo madzulo batire ya sola izikhala ya mababu ndi wailesi ya adadi, asiyeni amvere zawo, ndi iwo anakulerani. Foni pochaja ikhale m'nyumba pamthunzi, ndaonapo anthu akuiika padenga pambali pa panelo ngati nayonso ikufuna dzuwa, kumeneko ndi kuiphika. Panelo muziipukuta fumbi makamaka miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo mvula ikayamba, kukachita ziphaliwali, zulani mafoni ndipo musagwire foni ili pa waya, izi ndi za a m'tauni omwe.

Za mnzanuyo, akunena malamulo a mabatire akale a nickel-cadmium amene ankafooka ukamawachaja asanathe. A lithium amene ali m'mafoni a lero ndi osiyana, chimene amadana nacho ndi kumafika pa 0 kawirikawiri, ndiye ikafika cha m'ma 20 ilumikizeni, ndipo kuchaja pang'onopang'ono kangapo patsiku sikulakwa. Yatsopano ichajeni idzaze muyambe kugwiritsa ntchito, za maola 8 zilekeni.

Pa nkhani ya alamu, ngati pakhomopo pali kafoni ka mabatani tcherani kameneko. Kamatha masiku angapo osachaja, ndipo tambiri timalira alamu ngakhale mutakazimitsa bola batire ilimo, pamene iPhone ndi mafoni ena aakulu mukazimitsa ndiye mwazimitsanso alamu. Yesani kaye masana muone ngati kanu kamatero. Komanso ndikudabwa, ku Chadiza atambala anatha?

FUNSO
Amalume, mlamu wanga amagula magalimoto ku Japan ndiye anandibweretsera wailesi ya alamu yokongola, ya mabatire, nthawi imasunga bwino. Ndimafuna izindidzutsa ndi Breeze FM koma ndikapukusa imathera pa 90, yafa mbali imodzi?
Agogo, Kalongwezi

YANKHO
Agogo, siinafe. Ku Japan mawailesi awo a FM anayambira pa 76 kulekezera pa 90, atsopano amafika 95, pamene ife kuno ndi maiko ambiri timayambira pa 87.5 mpaka 108. Ngati kwanuko Breeze imamveka pamwamba pa 90, ndiye wailesi yanu ikulekezera panjira isanafike. Ndi matenda omwe aja a mawailesi a m'magalimoto ochokera ku Japan, funsani alamu anuwo akuwadziwa bwino, m'galimoto amaikamo kabokosi kotchedwa band expander pa waya wa eriyo, koma kawailesi ka pambali pa bedi kalibe polumikizira zimenezo ndipo ndalama yake bola kugula wailesi ina pa Saturday Market. Pukusani pang'onopang'ono pakati pa 87.5 ndi 90 mumve ngati pali siteshoni imene ikugwira bwino kwanuko, ikapezeka itchereni imeneyo izikudzutsani, mukadzuka muzitsegula Breeze pa wailesi yanu yakale ija. Ndipo alamu anuwo muwathokoze ndithu, musawauze kuti munalembera Amalume.